Mutu 6: Mmisiri wa ku Mzilawaingwe ndi Fakitale ya ku Luwinga

Munthu amene akumanga nyumba ku Mzilawaingwe, mumzinda wa Mzuzu, akafika pofuna zitseko ndi mafulemu a mawindo saganizako za fakitale. Amapita kwa wowotcherera wa m'dera lomwelo, uja amagwirira ntchito pansi pa kashedi ka malata m'mbali mwa msewu, n'kumupatsa miyeso. Akanenererana mtengo amasiya ndalama ya zitsulo, yotsalayo adzapereka mwezi ukatha. Bedi ndi tebulo amakhometsa kwa kalipentala, mbaula ndi ndowa amagula kwa wokhoma zitini, masikono amatenga pa okala, mafuta ophikira amagula oyezeratu m'tichubu. Ambiri mwa anthu amene amamupangira ndi kumugulitsa zinthu zimenezi sanalembetse mabizinesi awo m'kaundula wa boma. Sapereka lisiti, ndipo msonkho umene amaudziwa bwino ndi tikiti ya khonsolo ya tsiku ndi tsiku.

Chapafupi pomwepo, ku Luwinga, m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Ekwendeni ndi ku Karonga, ndi kumene kuli mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu za mzindawu. Kampani ya kumeneko ili ndi ziphaso, imalemba antchito motsata malamulo, imapereka msonkho ndipo katundu wake amayesedwa. Koma ndalama imene ikuiyembekezera ili m'thumba la munthu yemwe uja wa ku Mzilawaingwe. Nkhani ya mutu uno yagona pamenepa. Kampani yolembetsedwa ikamalimbirana makasitomala ndi amisiri ndi mavenda, kodi imadzidzimuka n'kuyamba kupanga katundu watsopano ndi wabwinoko, kapena imafooka n'kusiyiratu kuyesa zatsopano?

Mmene geni inakulira

Mzuzu si mzinda wakale. Unayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene bungwe la boma la Britain la Colonial Development Corporation linatsegula minda ya mitengo ya tung, imene njere zake zimatulutsa mafuta opangira penti ndi vanishi. Unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 44,000, koma wa 2018 anapeza oposa 220,000. Anthu anachuluka kasanu, pamene ntchito zolembedwa sizinachuluke choncho.

M'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda malonda a m'misewu sankaloledwa mwachisawawa, ndipo katundu wakunja ankalowa movutikira. Kuyambira mu 1981 dziko linayamba kutsata ndondomeko za World Bank ndi IMF zomasula malonda, ndipo ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994 zipata zinatsegukiratu. Makampani a boma anagulitsidwa, ena anatsekedwa, anthu ambiri anachotsedwa ntchito n'kulowa geni. Msika wa Taifa ku Mzuzu unadzaza ndi katundu wa ku Tanzania. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda, koma sipanapite zaka zambiri asanabwerere, chifukwa chimene chinawatulutsa kunyumba chinali chisanathe. Kafukufuku wa ntchito amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2013 anapeza kuti anthu 89 pa 100 alionse ogwira ntchito m'Malawi ali pa ntchito zosalembedwa mwalamulo.

Zimenezi si za ku Malawi kokha. Katswiri wa ku Britain, Keith Hart, anaphunzira moyo wa anthu a ku Nima, mumzinda wa Accra ku Ghana, ndipo mu 1973 anasindikiza zimene anapeza: anthu amene mabuku a boma ankawawerenga ngati malova anali otanganidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku. Lipoti la bungwe la ILO lonena za Kenya, la mu 1972, linanenanso chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo akatswiri a zachuma anasiya kuona geni ngati chinthu chongodutsa.

Chimene chimasiyanitsa mitengo

Kampani yolembetsedwa imanyamula katundu amene mmisiri wa pakhonde sanyamula. Kwa zaka zambiri msonkho wa VAT unali pa 16.5 peresenti, ndipo kampani imauwonjezera pa mtengo wa katundu wambiri amene yagulitsa. Imapereka msonkho wa phindu ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Imasonkhera wantchito aliyense 10 peresenti ya malipiro ake ku thumba la penshoni, imapereka 1 peresenti ya malipiro onse ku TEVETA, imalipira kuti bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, liyese katundu wake n'kuikapo chizindikiro. Ili ndi lendi, alonda, owerengera ndalama ndi galimoto.

Mmisiri uja malo ake ndi pakhomo, othandiza ake ndi achinyamata ophunzira ntchito, ndipo zipangizo amagula kasitomala akapereka ndalama. Pali chinanso chimene anthu amachiiwala: iye amamudziwa kasitomala wake. Amadziwa tsiku limene aphunzitsi amalandira, amadziwa kuti khomo la nyumba ya uje n'lopindika pang'ono ndiye chitseko chiyenera kupalidwa mbali imodzi, amalola kulipidwa pang'onopang'ono. Pa mtengo ndi pa ubale wotere, fakitale singamugonjetse. Ikafuna kukhala ndi moyo iyenera kupeza bwalo lina lomenyerapo nkhondo.

Zimene akatswiri apeza

Mkangano woti kodi mpikisano umabala luso latsopano kapena ayi ndi wakale. Joseph Schumpeter, m'buku lake la mu 1942, anaona kuti kuyesa zatsopano kumafuna ndalama, ndipo kampani imene phindu lake latheratu ndi mpikisano singakhale ndi zogulira makina kapena zolipirira ofufuza. Kenneth Arrow, mu 1962, anaona mbali inayo: kampani yopanda wopikisana naye ilibe choikakamiza kusintha, popeza anthu agula ndithu. Mu 2005 Philippe Aghion ndi anzake, atasanthula makampani a ku Britain, anapeza kuti onse awiri ananena zoona. Mpikisano ukakhala wochepa makampani amagona, ukakula amagalamuka n'kuyamba kupanga zatsopano kuti athawe anzawo, koma ukapyola muyeso amagwa ulesi chifukwa sakuonanso phindu la khama lawo.

Ofufuza a m'zaka zaposachedwa atenga funso lomweli n'kulilozetsa kwa opikisana osalembetsedwa, pogwiritsa ntchito kafukufuku amene World Bank imachita pakati pa makampani a m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi. Brian McCann ndi Mona Bahl, mu 2017, anapeza kuti kum'mawa kwa Ulaya ndi pakati pa Asia makampani amene akupanikizidwa ndi mabizinesi osalembetsedwa ndi amene amakonda kutulutsa katundu watsopano. Chaka chomwecho Pedro Mendi ndi Rodrigo Costamagna, poona makampani a mu Africa ndi Latin America, anapeza kuti kupanikizikako kukakula kwambiri luso latsopano limachepa. Mayankho awiriwa sakutsutsana kwenikweni. Akusonyeza kuti zotsatira zake zimadalira zinthu ziwiri: mtundu wa wopikisana naye, ndi ngati kampaniyo ili ndi kothawira. Zitsanzo za kumpoto kwa dziko lino zikuonetsa zimenezi bwino kuposa manambala.

Matabwa a ku Chikangawa

Nkhalango ya Viphya, imene ambiri amaitchula kuti Chikangawa, inakula mpaka mahekitala pafupifupi 53,000, yambiri ya mitengo ya paini. Inadzalidwa kwambiri kuyambira mu 1964 ndi cholinga chodyetsa fakitale yopanga zipangizo za mapepala, yomwe inkayenera kumangidwa ku Chintheche koma sinamangidwe. M'malo mwake kunabwera fakitale ya matabwa ya Viply, imene mu 1999 inagulitsidwa kwa kampani ya Raiply. M'zaka zotsatira nkhalangoyi inadzaza ndi ocheka matabwa, ena a macheka apamanja, ena a timakina tonyamulika, ndipo malole ankatuta matabwa usana ndi usiku kupita ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi kunja kwa dziko. Kudula kosadzala pamodzi ndi moto wolusa zinasiya mapiri ambiri ali mbee.

Thabwa locheka kumene limakhala lodzaza madzi. Ukalinyamula limalemera, ukalipala puleni imatsamwa, ndipo utomoni umamata m'manja. Kuti likhale loyenera mipando, chinyezi chake chiyenera kutsika kufika pafupifupi 12 peresenti. Kuliumitsa ndi mphepo kumatenga miyezi, makamaka ku Mzuzu kumene mvula ndi nkhungu sizisowa. Kalipentala wa mpamba wochepa sangaunjike matabwa miyezi yonseyo ndalama yake itagona, choncho amakhoma akadali aawisi. Tebulo limaoneka bwino tsiku lonyamula, vanishi ili waliwali. Pakatha miyezi ingapo matabwa amayamba kuuma ali kale pamalo pake: pakati pa thabwa ndi linzake pamatseguka mpata, chitseko cha kabati chimakana kutsekeka, mwendo umodzi umasiya kugunda pansi. Kalipentalayo luso ali nalo. Chimene alibe ndi uvuni woumitsira matabwa.

Apa ndi pamene fakitale yapezera kothawira. Pa thabwa wamba singapikisane ndi wocheka wa m'nkhalango, amene salipira zambiri. Ndiye imapanga zimene iye sangathe. Imasenda chipika ngati mmene amatambasulira mpukutu wa pepala, n'kumata timapepala ta mtengoto mopingasa ndi guluu m'makina otentha, kutuluka pulayiwudi. Tizidutswa timene wocheka akanataya imatisanja pakati pa timapepala tiwiri n'kupanga blockboard. Zinyenyeswa imazipera n'kuziumba kukhala mabodi a MDF. Chipika chimodzi chimatulutsa katundu wambiri kuposa mmene chimatulutsira pa macheka a m'tchire, kumene gawo lalikulu la mtengo limatsala pansi ngati utuchi ndi zikungwa.

Chochititsa chidwi n'chakuti katundu ameneyu amabwerera kwa akalipentala omwe aja. Makabati ambiri a m'khitchini, mashelefu a m'mashopu ndi siling'i za m'nyumba za ku Chiputula, Katawa ndi Mzilawaingwe zakhomedwa ndi amisiri osalembetsedwa pogwiritsa ntchito mabodi a m'fakitale. Amene anali wopikisana naye pa thabwa wasanduka kasitomala pa bodi.

Mkaka ndi chakumwa

Nkhani ya mkaka ikuonetsa mbali ziwiri zonse. Fakitale ya mkaka ya ku Mzuzu inali imodzi mwa zitatu za kampani ya boma ya Malawi Dairy Industries, zinazo zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Zitagulitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ya ku Mzuzu inadziwika ndi dzina loti Northern Dairies, ndipo patapita zaka inasiya kugwira ntchito. Alimi a ng'ombe zamkaka ozungulira mzindawu sanasiye kukama. Mkaka wambiri unkalowa m'tauni m'zigubu, panjinga, kugulitsidwa khomo ndi khomo usanaphitsidwe. Mlimi amakonda wogula wa panjinga chifukwa amalipira pompo, pamene fakitale imalipira pakutha pa mwezi ndiponso imabweza mkaka wothiridwa madzi kapena woyamba kusasa. Fakitale yaing'ono imapanikizika mbali ziwiri: ikusowa mkaka wokwanira kuyendetsa makina, komanso ikusowa makasitomala. Yotero singaganize za katundu watsopano.

Makampani amene analimba anathawira ku zimene wa panjinga sangachite. Mkaka wophikidwa pa moto waukulu kwa timphindi tochepa n'kutsekeredwa m'paketi yosalowa mpweya umakhala miyezi popanda firiji, ndipo umafika pa okala ya kumudzi kumene kulibe magetsi. Yogati wa zipatso ndi njira ina. Chambiko cha m'paketi n'chitsanzo chokoma kwambiri, chifukwa luso lake linachokera kumudzi, fakitale inangowonjezera ukhondo ndi paketi. N'chimodzimodzinso maheu a m'botolo, amene akulimbirana msika ndi thobwa la amayi a pamsika.

Pa mowa nkhaniyi ndi yakale. Chibuku chinayambira ku migodi ya ku Zambia m'zaka za m'ma 1950, pamene Max Heinrich anayamba kufulula masese ndi makina. Mu 2012 kampani ya SABMiller inatulutsa Chibuku Super ku Zambia, cha m'botolo la pulasitiki, chomwe chimakhala masabata pamene cha m'katoni chimasasa m'masiku ochepa. Ku Uganda kunatuluka Eagle Lager wa mapira mu 2002, ku Mozambique kunatuluka Impala wa chinangwa mu 2011. Onsewa anapangidwa pofuna kukopa anthu amene amamwa mowa wofulula kunyumba. Ku Kenya, East African Breweries inatulutsa Senator Keg mu 2004 kuti ipikisane ndi kachasu wa kumeneko, ndipo boma linauchotsera msonkho. Boma litaikapo msonkho mu 2013 malonda ake anagwa kwambiri, mpaka linabweza ganizolo. Phunziro lake n'lakuti luso la fakitale limatha kufa ndi cholembera cha nduna ya zachuma.

Mpikisano umene umapha

Si onse osalembetsedwa amene ali ofanana, ndipo kuwaika m'dengu limodzi ndi kumene kumasokoneza nkhaniyi. Kalipentala, wowotcherera ndi mayi wa thobwa amapanga chinthu ndi manja awo. Mpikisano wawo umakankhira fakitale m'mwamba. Wozembetsa katundu pa malire a Songwe, Mchinji kapena Dedza sapanga kanthu. Amabweretsa katundu wa m'fakitale ya dziko lina, wofanana ndendende ndi wa kuno, koma wosalipira msonkho. Pamenepo fakitale ya kuno ilibe kothawira, chifukwa wopikisana nayeyo ali ndi ubwino wa makina komanso mtengo wa pamsewu. Boma litaika VAT pa mafuta ophikira mu 2020, makampani oyenga mafuta anadandaula kuti msika wadzaza ndi mafuta ozembetsedwa, ndipo msonkhowo unachotsedwa mu 2022.

Woipa kwambiri ndi wachinyengo, amene amatola mabotolo kapena kusindikiza mapaketi a kampani ina n'kuikamo zake. Kampani imene yawononga ndalama kupanga sopo kapena juwisi watsopano, ikaona kuti pakangotha milungu ingapo wabodza watuluka ndi dzina lomwelo, sidzayesanso kachiwiri. Amene amavulala pomaliza ndi wogula. Shuga wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo amathiridwa vitamini A, mchere wovomerezeka umathiridwa ayodini, ndipo ana a m'dziko muno amadalira zimenezi. Katundu wolowera njira zachidule alibe womuyesa.

Kaunjika ali pakatikati. Waveka anthu osauka zovala zabwino pa mtengo wotsika, ndipo wapatsa anthu ambirimbiri chochita. Komabe kampani ya nsalu ya David Whitehead and Sons ya ku Blantyre, imene inkalemba anthu zikwi zingapo, inafooka m'zaka za m'ma 1990 pamene kaunjika ndi nsalu zotchipa zakunja zinasefukira, mpaka inagulitsidwa mu 2003. Palibe luso limene likanatsitsa mtengo wa malaya atsopano kufika pa mtengo wa malaya amene mwini wake anangopereka ulere ku Ulaya.

Kothawirako kukatsekeka

Kupanga zimene mmisiri sangathe kumafuna makina, ndipo makina amafuna zinthu zitatu zimene Malawi akusowa. Choyamba ndi magetsi. Ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali kwambiri ndi Mzuzu. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima wowotcherera amangoyamba kudula zitsulo kudikira kuti ayake, koma uvuni wa matabwa kapena thanki ya mkaka ikazima pakati pa ntchito, katundu yense amaonongeka.

Chachiwiri ndi ndalama zakunja. Guluu, mapaketi, mankhwala ndi zitsulo zosinthira pa makina zimagulidwa ndi madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chachitatu ndi ngongole. Mu 2024 chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinafika pa 26 peresenti, ndipo cha mabanki wamba chinali pamwamba pa pamenepo. Makina amene amabweza ndalama zake patapita zaka zisanu sangagulidwe ndi ngongole yotere.

Zitatuzi zikasowa, kampani imathawira pansi m'malo mothawira m'mwamba. Imachepetsa kukula kwa buledi, imasungunula juwisi, imalemba antchito ngati aganyu, imagulitsa katundu wina popanda lisiti. Ina imatseka makina n'kusandutsa fakitale nyumba yosungiramo katundu woitanitsa kunja. Eni ake akafunsidwa amaloza chala mavenda, koma chawagwetsa ndi kusowa kwa njira yokwerera.

Kumene njirayo ilipo, zipatso zake zimaoneka. Alimi a khofi a ku Misuku, Phoka, Viphya ndi madera ena anasonkhana mu Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Ogula a m'midzi amatha kuwanyengerera ndi ndalama ya pompopompo, koma sangathe kusankha khofi m'magiredi, kumukazinga mofanana nthawi zonse, kumutsekera m'paketi yokhala ndi dzina lodziwika ndi kumupezera msika kunja. Dzina la Mzuzu lafika m'masitolo akutali chifukwa cha ntchito imeneyi.

Zoyenera kuchita

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika mafakitale pakati pa nsanamira zake zitatu. Kuti zimenezi zitheke, dziko liyenera kusiyanitsa mmisiri ndi wozembetsa. Mphamvu za apolisi, MRA ndi Malawi Bureau of Standards zipite pa malire ndi pa katundu wachinyengo. Kuthamangitsa wokhoma mbaula sikuwonjezera fakitale ngakhale imodzi.

Mmisiri akufunika makwerero. Mizinda ina yaonetsa kuti n'zotheka: ku Suame, mumzinda wa Kumasi ku Ghana, amisiri a zitsulo anafika popanga zigayo ndi makina ena atathandizidwa ndi yunivesite ya mumzindawo, ndipo mbaula yosadya makala ambiri ya ku Kenya inafalikira m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa amisiri a m'misika. Mzuzu ali ndi Mzuzu University, yomwe imaphunzitsa za nkhalango ndi za mphamvu zamagetsi, ali ndi Mzuzu Technical College, ndipo ali ndi amisiri m'dera lililonse. Uvuni umodzi woumitsira matabwa, woyendetsedwa ndi gulu la akalipentala, ungasinthe mipando ya mzinda wonse. Malo oyesera zakudya apafupi angachotse ulendo wautali wa ku Blantyre kwa amayi opanga jamu, uchi ndi chiponde. Kulembetsa bizinesi kukhale ndi phindu looneka, monga ngongole, malo okhala ndi magetsi ndi mwayi wogulitsa katundu ku boma, osati msonkho wokha.

Nawo eni mafakitale akumbukire kuti tsabola wakale sawawa. Katundu amene ankagulidwa chifukwa kunalibe wina, lero ali ndi opikisana naye pa ngodya iliyonse. Ayende m'misika ya Zigwagwa ndi Taifa n'kuona zimene anthu akugula, pa muyeso wanji ndi pa mtengo wanji, chifukwa mavenda anawachitira kale kafukufuku wa msika. Ndipo boma likamagula madesiki a sukulu za ku Mzimba, Rumphi ndi Nkhata Bay, ligule mwanjira yoti matabwa oumitsidwa achokere ku fakitale, mafulemu achitsulo kwa owotcherera a ku Mzuzu, ndipo okhoma akhale magulu olembetsedwa a akalipentala a m'maboma omwewo. Oda imodzi yotere imapatsa fakitale chifukwa chogulira makina atsopano, imapatsa mmisiri chifukwa cholembetsera, ndipo ana amakhala pa desiki losagwedera.